Ndiwo zolimidwa m'madzi zikayamba kudwala: zoyenera kuyang'ana musanathire feteleza wina

Okutobala akangofika, pafoni yanga pamabwera zithunzi zofanana chaka ndi chaka. Letesi wafota pakhonde la nyumba yosanja ku Area 47, repu wachita chikasu m'chigubu ku Area 25, mpiru watalika n'kuwonda pawindo ku Kawale. Funso limakhala limodzi: "Ndithire feteleza wanji?" Ndipo ambiri pofunsapo amakhala atathira kale.

Ndakhala ndikulima ndiwo zamasamba m'madzi popanda dothi, ulimi umene umatchedwa hydroponics, pakhonde ndi pawindo la nyumba ya lendi muno mu Lilongwe. Chimene ndachiona mobwerezabwereza n'chakuti mbewu ya m'madzi ikadwala, kawirikawiri si njala. Vuto limayambira kumizu ndi m'madzi momwemo, ndipo feteleza woonjezera amangoimaliza. Pansipa ndasanja mavutowa motsata chimene maso anu akuona, kuyambira choyambitsa chofala kwambiri kukafika chosowa.

## Zitatu zoyamba, vuto likhale lotani

- Tukulani chivundikiro muone mizu. Yabwino imakhala yoyera mbee kapena yotuwirako pang'ono, yolimba, yosanunkha. Yodwala imakhala yofiirira, yoterera, ndipo imaduka mukaikoka.
- Pisani dzanja m'madzi. Akhale ozizirira. Ngati muli ndi choyezera, madigiri 18 mpaka 24 ndiwo abwino.
- Yezani pH, muyeso woonetsa kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi m'madzi. Ikhale pakati pa 5.5 ndi 6.5. Timapepala toyezera kapena timadontho tosintha mtundu tikwanira, simukuyenera kuyamba ndi mita yodula.

Mukapeza cholakwika, konzani chimodzi chokha, mudikire masiku atatu kapena anayi. Mukasintha zonse tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Dziwaninso kuti tsamba lopserera silichira, ndipo lachikasu kwambiri silibwerera msanga. Umboni wakuti zayamba kuyenda uli pa masamba atsopano.

## Mbewu yafota pomwe madzi alimo

Ili ndilo vuto lalikulu la miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo ndi limene limapha mbewu mofulumira. Anthu amadabwa kuti chinthu chokhala m'madzi chingafote bwanji. Mizu imapuma. Ikasowa mpweya imaleka kumwa, ngakhale itamira.

1. Madzi atentha. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, ndipo tizilombo toolesa mizu timaswana msanga mmenemo. Chigubu chakuda chimene dzuwa la masana likuchiomba chimatentha kuposa mmene mungaganizire.
- Yang'anani madzi cha m'ma 2 koloko masana, osati m'mawa.
- Kutani chigubu ndi katoni, thumba loyera kapena pepala lonyezimira la aluminiyamu. Masamba aone dzuwa, chigubu chisalione.
- Chichotseni pa simenti yotentha, muchiike pa thabwa.
- Tsiku lotentha kwambiri ikanimo botolo la madzi oundana lotseka bwino.

2. Mwadzaza chigubu mpaka pakamwa. Izi zimachitikira amene amalima m'zigubu zopanda pampu, njira yotchedwa Kratky, dzina la katswiri wa ku Hawaii amene anaifalitsa. M'njira imeneyi madzi akamatsika, mizu ya pamwamba imazolowera kupuma mumpata umene watsala. Inu mukaona madzi achepa n'kudzaza tho, mwaimiza mizu yopumira ija, ndipo pofika mawa mbewu yagona.
- Chotsani madzi mpaka theka la mizu likhale pamtunda.
- Poonjezera, thirani pang'onopang'ono, osapitirira theka la utali wa mizu.

3. Magetsi anazima, pampu inaima. M'mapaipi momwe madzi amangoyenda ochepa pansi, mizu imauma m'maola ochepa kukatentha.
- Thirani madzi a m'thanki m'mapaipimo ndi kapu ola lililonse mpaka magetsi atayaka.
- Kwezani pang'ono kotulukira madzi kuti paipi izisunga madzi okwana sentimita imodzi kapena ziwiri pampu ikaima.
- Ngati kwanu magetsi amazimazima ndipo masana simukhala pakhomo, ine ndingakulangizeni kusiya mapaipi, mulime m'zigubu. Kapena pezani kapampu ka mavoti 12 koyendera batire kapena sola.

4. Mizu yaola kale. Fungo lake simungalisowe. Ngati theka la mizu likadali loyera, dulani yoolayo ndi sizasi yoyera, tsukani chigubu, thirani madzi atsopano. Ngati yonse yafiirira, zulani mutaye, musaisamutsire m'chigubu cha zinzake. Tsukani chidebe ndi Jik wosungunula m'madzi, mutsukuluze katatu, muumitse padzuwa.

5. Feteleza wachuluka. Madzi akamaphwa ndi kutentha, mchere wa feteleza umatsalira n'kumakulirakulira mphamvu, mpaka mizu kulephera kukoka madzi. Nthawi yotentha onjezerani madzi opanda feteleza.

## Masamba achita chikasu

Musanachite chilichonse, onani kuti ndi masamba ati. Yankho lagona pamenepo.

Masamba atsopano a pamwamba, mitsempha ikadali yobiriwira. Uku n'kusowa kwa ayironi, koma nthawi zambiri ayironiyo amakhala alimo m'madzi. Chimene chachitika n'chakuti pH yakwera kupitirira 6.5 kapena 7, ndipo mbewu ikulephera kumutenga. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime m'madera ena amakhala ndi laimu wambiri amene amakweza pH tsiku ndi tsiku. Mukaona zoyera zikumatirira m'ketulo yanu, madzi anu ndi otero.
- Tsitsani pH ndi mankhwala ake otsitsira, dontho ndi dontho, mukutakasa ndi kuyeza.
- Madzi a ndimu kapena viniga amatsitsa ndithu, koma pakapita tsiku limodzi kapena awiri pH imakweranso. Ndi zongogwirizira.
- Nyengo ya dzinja tungani madzi a mvula, mutataya oyamba otsuka denga, muzisakaniza ndi a pamjigowo.

Masamba akale a m'munsi, tsamba lonse lofanana. Apa ndiye pali njala yeniyeni, ya nayitrojeni. Mwina madzi akhalitsa osasinthidwa, kapena mwakhala mukuonjezera madzi okha kwa milungu ingapo. Tayani onse mupange atsopano motsata muyeso wa pa paketi. M'zidebe za pampu, sinthani pakatha milungu iwiri kapena itatu. Okhala ndi mita ya EC, yoyezera mphamvu ya feteleza m'madzi: letesi amafuna pakati pa 1.2 ndi 1.8, repu ndi mpiru amapirira kukwererapo pang'ono, tomato wobereka amafuna 2.0 mpaka 3.5.

Masamba akale, chikasu chili pakati pa mitsempha. Magineziyamu wachepa. Mchere wa Epsom, umene umapezeka m'mafamase, umathandiza: theka la supuni yaing'ono m'malita 5.

Mbewu yonse yatuwa ndipo sikukula. Bwererani kumizu. Ikakhala yoyera, funsani feteleza amene mukugwiritsa ntchito.

Pa nkhani ya feteleza ndiimepo pang'ono, chifukwa ambiri timagwera apa. Tinakulira m'munda wa chimanga, ndiye m'nyumba mukapezeka kathumba ka Urea, CAN kapena NPK wokulitsa uja timaganiza kuti tingosungunula. Feteleza ameneyu anapangidwira dothi. Urea amadalira tizilombo ta m'nthaka kuti timusandutse chakudya chimene mbewu imatenga mosavuta, ndipo m'chigubu tizilombo timeneti mulibe tokwanira. CAN si calcium nitrate wa ulimi wa m'madzi ayi, ngakhale mayina akufanana: ali ndi laimu amene sasungunuka, amangodikha pansi. Ndiponso dothi limapatsa mbewu timichere tina ting'onoting'ono, monga ayironi, manganizi, boroni ndi zinki, timene m'madzi muyenera kuikamo nokha. Funani feteleza wolembedwa kuti ndi wa hydroponics, kapena wosungunuka yense wokhala ndi timichere timeneti pamodzi ndi calcium nitrate wapadera. Manyowa a nkhuku oviika m'madzi ndi abwino kudimba, koma m'nyumba amanunkha, amaoletsa mizu, ndipo sayenera kuyandikira masamba odya osaphika.

## Nsonga ndi m'mbali mwa masamba mwapserera

1. Timasamba ta pakati pa letesi tada m'mbali. Kashiamu sakufika kunsonga. Amayenda ndi madzi amene tsamba likutulutsa, ndiye m'chipinda chotentha chopanda kamphepo timasamba ta mkati timamanidwa. Tsegulani windo kapena yatsani kafani kuti masamba azigwedezeka pang'ono. Kuthira kashiamu wina mpweya usakuyenda sikuthandiza kwenikweni.
2. Masamba akuluakulu apsa kunsonga, ena apiringizika. Feteleza wachuluka. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo, mubwezeremo madzi okha.
3. Apsa ndi a pamwamba okha, oyandikira getsi. Kwezani getsi. Mukaika dzanja pamwamba pa tsamba n'kumva kutentha, tsambalo likumvanso chimodzimodzi.

## Mbewu yatalika, yawonda, ikupendekera kuwindo

Kuwala kwachepa, palibenso china chofala kuposa ichi. Chipinda chimene ife timachiona chowala, kwa mbewu ndi mthunzi. Ndiwo zamasamba zimafuna dzuwa lenileni maola 5 kapena 6, kapena getsi la LED lolimira mbewu maola 12 mpaka 16.

Malangizo ambiri a pa intaneti amanena za windo loyang'ana kummwera, chifukwa analembedwa ku Ulaya ndi ku America. Ife tili kummwera kwa equator. Kuno miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye windo loyang'ana kumpoto ndilo limalandira dzuwa nthawi yozizira. Chaka chonse, khonde loyang'ana kum'mawa ndi limene ine ndimalikonda: limapatsa dzuwa la m'mawa, n'kubisa mbewu ku dzuwa loswa mtengo la masana. Loyang'ana kumadzulo limaotcha mu Okutobala.

Zina zocheperapo: mbewu zathithikana (letesi amafuna masentimita 20 kuchoka pa mnzake), kapena galasi ndi sefa ya udzudzu zadzaza fumbi la chilimwe. Pukutani.

## Madzi abiriwira, akununkha, kapena muli timphutsi

Ndere. Kuwala kukulowa m'madzi. Zigubu zoyera za mafuta ophikira za malita 5 zimalowetsa kuwala ngakhale zikuoneka zochindikala. Zikuteni, ndipo tsekani mabowo onse opanda mbewu. Ndere pang'ono sizipha, koma zikachuluka zimadya feteleza, zimasokoneza pH, ndipo usiku zimalanda mizu mpweya.

Fungo la dzira loola. M'madzi mulibe mpweya, china chake chikuola. Tayani madzi onse, chotsani mizu yakufa ndi masamba ogweramo, tsukani.

Timphutsi tovinavina pamwamba pa madzi. Ameneyo ndi udzudzu, ndipo ili si vuto la mbewu lokha, ndi la banja lonse ndi anansi omwe. Musathiremo mafuta kapena mankhwala ophera udzudzu. Khuthulirani madziwo pa nthaka youma padzuwa, tsukani chigubu, ndipo tsekani mpata uliwonse ndi siponji kapena kachidutswa ka neti. Yang'ananinso timbale ta pansi pa zigubu, madzi odontha amadikha mmenemo.

## Pansi pa chidebe padikha zoyera ngati ufa

Feteleza wa hydroponics nthawi zambiri amabwera m'magawo awiri, A ndi B, ndipo mwawasakaniza asanasungunuke m'madzi ambiri. Kashiamu wa mu A akakumana ndi salifeti ndi fosifeti wa mu B ali okhathamira, amagwirana n'kukhala miyala yosasungunuka, ndipo mbewu singadyenso. Dzazani madzi kaye, thirani A, takasani bwino, kenako B. Kapu yoyezera A isalowe mu B. Zimene zadikha kale sizibwerera, pangani madzi ena.

Madzi a pampopi a Lilongwe Water Board amathiridwa klorini kuti akhale abwino kumwa. Kwa mbande zanthete, atungeni muwasiye m'ndowa tsiku limodzi, mutaphimba ndi neti osati chivundikiro, musanathire feteleza.

## Tizilombo pamasamba

Tembenuzani tsamba, zambiri zimabisala kunsi.

- Nsabwe za m'masamba, makamaka pa repu, mpiru ndi chainizi. Masamba amapiringizika n'kumamata, ndipo nyerere zimakwera. Zitsukeni ndi madzi, kenako poperani madzi a sopo: supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi pa lita imodzi, madzulo, mutayamba mwayesa pa tsamba limodzi. Sopo asagwere m'chigubu.
- Akangaude ofiira, ang'ono ngati fumbi, okonda nyengo yotentha ndi youma. Tsamba limachita timadontho totuwa ndi ulusi kunsi. Thotholani masamba ogwidwa kwambiri, otsalawo muziwatsuka kunsi masiku atatu alionse.
- Ntchentche zoyera, zouluka mukagwedeza tomato. Pachikani pulasitiki wachikasu wopaka Vaseline, zimakamatirira pamenepo.

Nthawi zambiri tizilomboti timabwera ndi mbande zogula kapena ndi masamba a kumsika oikidwa pafupi ndi mbewu zanu. Mbande yatsopano ikhale payokha sabata imodzi. Mankhwala opopera m'munda wa thonje, fodya kapena tomato wa kudimba asalowe m'nyumba mogona anthu, ngakhale wogulitsa atanena kuti ndi pang'ono pokha.

## Mbewu sizikumera, kapena mbande zikugwa

Njere za letesi zimakana kumera kukatentha kuyandikira madigiri 30. Fesani madzulo, muike pamalo pozizira kwambiri m'nyumba. Mbande ikaola patsinde n'kugwa, siponji yofeseramo yanyowa kwambiri: ikhale yachinyezi, osati yomira. Zikakanika zonsezi, njere ndi zakale.

## Letesi akuwawa ndipo watulutsa mtengo pakati

Wayamba kukonzekera maluwa chifukwa cha kutentha kapena kukalamba. Sabwerera. Kololani lero lomwe, ndipo ngati kuwawako kwakula mutaye.

Apa pali nkhani ya kusankha mbewu. Letesi, sipinachi ndi chainizi zimakondwa kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Kulimbana ndi letesi mu Novembala pakhonde lotentha n'kudzivutitsa. Miyezi imeneyo dzalani bonongwe, amene sadandaula kutentha ndipo amaphukiranso mukamudula, kapena timbewu tonunkhira monga basil ndi mint. Bonongwe wotendera ndi nsinjiro ndi ndiwo yabwino kuposa letesi wowawa amene ana akumukankhira pambali.

Za tomato ndi tsabola mwachidule: maluwa akamayoyoka osabereka, m'nyumba mulibe mphepo kapena njuchi, choncho gwedezani tsinde la maluwa m'mawa uliwonse. Kutentha kopitirira madigiri 32 kumayoyolanso maluwa. Chipatso chikada kunsi kwake, ndi kashiamu uja, ndipo kawirikawiri chifukwa madzi amaphwa n'kudzazidwa mosinthasintha.

## Mwakolola, koma ndiwo zikulobodoka kapena zikusukuluka mumphika

Kololani m'mawa, muzithothola masamba a kunja n'kusiya mtima kuti upitirize kukula. Ofota aviikeni m'madzi ozizira mphindi 10. Masamba a m'madzi ndi anthete kuposa a kudimba, ndiye safuna soda ndipo safuna kuwira nthawi yaitali. Soda ndi moto wautali zimaononga mavitamini ena, makamaka vitamini C. Mphindi zochepa ndi tomato, anyezi ndi timafuta pang'ono kapena nsinjiro zakwana, ndipo mafutawo amathandiza thupi kutenga vitamini A wochokera m'masamba obiriwira.

Kusakhala ndi dothi sikutanthauza kuti masamba ndi oyera. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatikhudza kwambiri muno mu Lilongwe, ndipo tisaiwale msanga. Masamba odya osaphika atsukeni ndi madzi amene mungamwe. Madzi a mumtsinje, a m'ngalande kapena a pachitsime chosatetezedwa asalowe m'zigubu za letesi. Zigubu zomwe munali mankhwala a mbewu, petulo, oilo kapena penti musazigwiritse ntchito ngakhale mutazitsuka kangati.

Zigubu zisanu kapena khumi sizingadyetse banja zonse zofunika. Zamasamba ndi gulu limodzi mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatiphunzitsa. Nyemba, usipa, mazira, zipatso ndi nsima ya mgaiwa zikhalebe pa mbale.

## Apa lekani, itanani odziwa

Wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso:
- Mwamva kunyerenyetsa kapena kugwidwa pokhudza madzi, pampu kapena getsi. Zimitsani pa main switch ndi manja ouma, musapisenso dzanja.
- Magetsi a m'nyumba akuthima okha mukangolumikiza pampu.
- Soketi yada, ikutentha kapena ikununkha kupserera, kapena madzi alowa mu ekisitenshoni. Mawaya olumikiza ndi tepi asayandikire madzi, ndipo ekisitenshoni ikhale pamwamba, osati pansi pa zigubu.

Eni nyumba, pulambala kapena mmisiri womanga:
- Khoma lanyowa, penti ikusupuka, pamera chuku, kapena a m'nyumba ya pansi akuona madzi kudenga kwawo.
- Mukufuna kuika thanki yaikulu pakhonde la m'mwamba. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mgolo wa malita 200 ndi wolemera ngati matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50 ataunjikidwa pamalo amodzi. Funsani musanadzaze.

Alangizi a zaulimi:
- Mwakonza kutentha, pH ndi feteleza, mwatsuka zonse, koma mbewu zafanso kachiwiri mofanana.
- Masamba achita mawangamawanga ndi kupunduka, kapena tomato akufota mmodzimmodzi mizu ili yoyera. Akhoza kukhala matenda amene sachizika ndi kusintha madzi. Tengani mbewu yonse ndi mizu yomwe m'pulasitiki, ndi botolo la madzi ake. Yambirani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu. Akatswiri a matenda a mbewu aliponso ku Chitedze Research Station, pa msewu wa ku Mchinji, ndi ku Bunda, ku LUANAR.

Kuchipatala, mosazengereza:
- Mwana wamwa feteleza wosungunula kapena mankhwala otsitsira pH. Musamusanzitse. Nyamulani botolo kapena paketi yake kuti adokotala aone. Zinthu zimenezi musazisunge m'mabotolo a zakumwa.
- Mankhwala a pH agwera m'maso. Tsukani ndi madzi oyera oyenda kwa mphindi 15, kenako pitani.
- Mwasakaniza Jik ndi viniga kapena ndi mankhwala otsitsira pH, ndipo mukutsokomola kapena kubanika. Zimenezi zikakumana zimatulutsa mpweya wa poizoni. Tulukani panja, tsegulani mawindo, ndipo ngati chifuwa chikuthinabe thamangirani kuchipatala.
- Wina m'nyumba akutsegula m'mimba mwamadzimadzi kapena kusanza atadya masamba osaphika. Yambani kumumwetsa Thanzi ORS muli pa ulendo wopita kuchipatala chapafupi.